Momwe mungasonkhanitsire nsapato zothandizira ana ndi okalamba kuno ku Tete

Magulu ambiri akaganiza zothandiza osowa ndi nsapato amayamba ndi kulengeza kutchalitchi kuti aliyense abweretse zomwe ali nazo. Pakatha masabata awiri matumba adzaza kuseri kwa guwa, koma pokhuthula mupezamo zazitali chidendene zovala paukwati, za phazi limodzi zosowa zinzake, ndi majombo a nambala 44, chonsecho ofuna nsapatowo ndi ana a 2ª classe ndi agogo otupa mapazi. Ntchitoyi imayenda mukaitembenuza: dziwani kaye mapazi amene mukufuna kuveka, nsapato zibwere pambuyo. Malangizowa ndalembera magulu ang'onoang'ono, monga mphakati, amayi a Chigwirizano, achinyamata a pa bairro kapena komiti ya sukulu, makamaka m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize.

1. Sankhani malo amodzi

Musayambe ndi boma lonse. Sukulu imodzi, kapena midzi iwiri ya nyakwawa mmodzi, anthu 50 mpaka 100, n'zokwana pa ulendo woyamba.

Malo amene mwasankha ndiwo akuuzeni mtundu wa nsapato. Kuchigwa cha Zambezi, mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo masana mchenga umawotcha; kumeneko nsapato zopepuka zomanga ndi lamba kuchidendene zimathandiza kwambiri, pomwe zapulasitiki zotseka zimangophika phazi. Kumtunda, ku Ulónguè, Dómuè ndi Tsangano, mwana amapita kusukulu m'mame ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, ndipo m'dzinja amayenda m'matope oterera. Iyeyo akufunika nsapato yotseka ya soli yokhuthala. Patapata angampatse aliyense, koma lamba wake sachedwa kuzuka ndipo zala zimakhalabe pamtunda.

Nsapato pano si nkhani ya kutchena ayi. Njoka zina za m'mimba zimalowera pakhungu la phazi munthu akaponda dothi lomwe laipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo zikachuluka zimachepetsa magazi. Matekenya amakonda fumbi louma la m'nyumba, m'makola ndi m'makalasi osazira. Onjezerani minga, magalasi osweka ndi zitsa za kumunda. Mfundo zimenezi muzikhala nazo pamlomo, chifukwa ndi zomwe mukafotokoze kwa amene mukukawapempha.

2. Komiti ndi chilolezo

Anthu asanu akwana: wapampando, mlembi, msungichuma, woyang'anira nsapato zikafika, ndi mmodzi wochokera kumudzi kapena kusukulu komwe mukukathandizako. Womalizayu asasowe. Msungichuma asakhale m'bale wa wapampando, ndipo ndalama zisatuluke popanda anthu awiri kusaina m'kope.

Musanalembe dzina la munthu ngakhale mmodzi, pitani kwa mfumu kapena kwa secretário do bairro, kenako kwa chefe da localidade. Pitani anthu awiri kapena atatu, osati pafoni. Mawu ake safunika kuchuluka: "Zikomo a mfumu, ife ndi ana anu a kumpingo wakutiwakuti. Taganiza zothandizako ana ena ndi agogo ndi nsapato, ndiye tati tisalowe m'mudzi mwanu mwakachetechete." Ngati mukugwira ndi sukulu, yambani ndi director ndi conselho de escola, iwo adziwa ngati pakufunika kalata yopita ku ofesi ya maphunziro ya boma, SDEJT. Za okalamba ndi olumala zimadutsira ku Acção Social, ndipo INAS, nthambi ya boma yothandiza ovutika, ili ndi anthu ake m'midzi, aja timawatcha ma permanente, amene amadziwa kale makomo a agogo olandira chithandizo. Ngati mukuthandiza anthu amene madzi awakokolera katundu, monga zinachitikira mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, musalowe nokha m'malo osungirako anthu. Lankhulani ndi a INGD, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Chenjezo limodzi: ntchitoyi isavale malaya a chipani chilichonse. Wandale akafuna kupereka, apereke ngati wina aliyense, dzina lake lilowe m'kope basi.

3. Lembani maina ndi kuyeza mapazi

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu amafuna kudumpha chifukwa n'potopetsa.

Maina asachokere kwa munthu mmodzi. Mphunzitsi alembe ake, a mfumu ndi nduna zawo alembe awo, amayi a mpingo awo, kenako mukhale pansi n'kuphatikiza. Dzina lopezeka pawiri kapena patatu lilibe mkangano. Lopezeka pamodzi lokha, wina wa komiti akaone pakhomopo. Gwirizanani poyera za amene akhale patsogolo: ana amasiye, ana okhala ndi agogo okhaokha, okalamba opanda owasamala, olumala, ndi anthu achialubino amene khungu lawo limapsa ndi dzuwa ngakhale pamwamba pa phazi. Samalani ndi kuweruza ndi maso tsiku limodzi. Mwana wina amavala nsapato zobwereka kwa mkulu wake amene amalowa masana, wina amavula zake n'kubisa m'thumba akangomva kuti kwabwera olemba maina.

Poyeza mufunika makatoni akale, mapensulo, lumo kapena sizasi, ndi rula kapena tepi ya telala. Yezani masana kapena chakumadzulo, pakuti phazi limakulirapo pang'ono munthu akayenda tsiku lonse. Munthuyo aimirire, osati kukhala, apondetse phazi pakatoni, inu muzungulize pensulo itaima chilili. Jambulani mapazi onse awiri ndipo mutsatire lalikulu, poti kawirikawiri safanana ndendende. Mkati mwa chojambulacho lembani dzina, zaka, mudzi kapena kalasi, wamwamuna kapena wamkazi. Kenako dulani motsatira mzerewo. Kaphazi ka katonika ndiko kadzalowe m'nsapato mwini wake ali kwawo: kakalowa bwinobwino n'kutsala mpata wokwana chala chachikulu cha m'manja kutsogolo, nsapatoyo ndi yake, kakapindika m'mbali, ndi yothina.

Za m'mbalizi musazipepule. Munthu amene wakula osavala nsapato phazi lake limakhala lotambasuka, zala zotayana, chidendene chokhuthala ndi ming'alu. Nambala ikhoza kukhala yolondola koma nsapato ya mphuno yosongoka osalowa, kapena kulowa n'kumutupitsa matuza tsiku loyamba. Agogo otere amavula n'kuika pamutu, n'kumapitiriza ulendo opanda nsapato monga kale.

Kuti mupeze nambala, yezani kaphaziko kuchokera kuchidendene kufika ku chala chachitali, wonjezerani sentimita imodzi ndi theka, chulukitsani ndi 3, gawani ndi 2. Phazi la masentimita 22.5 likupatsani 36, la 18.5 likupatsani 30. Kwa mwana wonjezerani nambala imodzi kuti akule nayo, koma osati ziwiri kapena zitatu, chifukwa nsapato yokhwepa imamugwetsa ndiponso imatha msanga kuchidendene.

Manambalawa amasokoneza kuno kumalire. Ku Mozambique timawerenga 30, 36, 42, monga ku Ulaya. Ku Malawi, Zambia ndi South Africa ambiri amawerenga za ku UK, moti 6 wawo ali pafupi ndi 39 wathu, 8 ali pafupi ndi 42. Za ana za ku UK zimakwera kufika 13, yemwe ali ngati 32, n'kuyambiranso pa 1. Zochokera ku Brazil nambala yake imatsika ndi ziwiri: yolembedwa 37 ndi 39 yathu. Choncho mayi wa ku Calómuè akakuuzani kuti mwana wake amavala 4, musalembe musanaone phazilo.

Poyezapo muonanso mapazi odwala. Wamatekenya, wa zilonda zosapola, wotupa miyendo, lembani chizindikiro pambali pa dzina ndipo muuze APE (wazaumoyo wa kumudzi) wa m'deralo kapena a kuchipatala chapafupi. Musayambe kutumbula matekenya ndi pini kapena minga pabwalo la sukulu. Pini imodzi pa ana khumi imafalitsa matenda, ndipo bala lakuda limaitana kafumbata. Odwala shuga ndi amene anadwalapo khate ena samva kupweteka kumapazi, ndiye nsapato ikawadya sazindikira mpaka chilonda chitakula. Amenewa musawapatse nsapato yolimba musanafunse a chipatala.

Mukamaliza, mlembi awerenge: a nambala 28 ndi angati, 29 angati, mpaka kumapeto, anyamata padera, atsikana padera, akuluakulu padera. Pepala limeneli ndilo mukapemphere.

4. Nthawi yake

Ambiri amaganiza za Januwale chifukwa sukulu zimatsekulira kumapeto kwa mweziwo kapena kumayambiriro kwa Febuluwale. Ine ndimaona kuti ndi nthawi yovuta: m'nkhokwe mwatha, ndalama zapita ku feteleza, misewu ya kumidzi yaterera, ndipo nsapato zochapa siziuma. Bwino kulemba maina mu Malichi, kusonkhanitsa mu Epulo ndi Meyi pamene anthu ayamba kukolola ndi kugulitsa fodya, soya ndi mbatata, n'kugawa chisanu chisanalimbe. Ngati mukufuna tsiku lodziwika, 1 Juni, tsiku la ana, lili pomwepo. Perekani masabata anayi kapena asanu ndi limodzi osonkhanitsira, ndipo tsiku lotsekera linenedwe kuyambira pachiyambi.

5. Kupempha

Pemphani zinthu zotchulika. M'malo mongoti "tithandizeni nsapato", nenani kuti "tikufuna mapeyala 14 a nambala 31 a atsikana, otseka, opanda chidendene chachitali". Munthu akamva choncho amakumbukira nsapato zomwe mwana wake anazisiya chaka chatha. Nenaninso zomwe simulandira: zong'ambika pamwamba, zosweka soli pakati, za phazi limodzi, zonyowa. Pemphani kuti azibweretsa zochapa kale, zomangidwa ziwiriziwiri ndi zingwe zake.

Kolengeza ndi kumene mukudziwa kale: kutchalitchi, kumzikiti, m'magulu a WhatsApp, kwa aphunzitsi ndi anamwino, kwa abale ogwira ntchito ku Tete, ku Beira kapena ku Johannesburg. Wailesi ya m'dera imafika patali, koma kumbukirani kuti walira mvula walira matope: mukalengeza kuti kukubwera nsapato zaulere, tsiku logawa kudzafika midzi isanu. Pawailesi nenani za kosiya nsapato kokha, tsiku ndi malo ogawira zisatchulidwe.

Malo olandirira akhale awiri kapena atatu okha, okhala ndi chitseko chokiya, ndipo aliyense wosiya alembedwe m'kope, dzina ndi mapeyala angati.

Pali chinthu chimene chimadabwitsa oyamba kumene: za akuluakulu zimabwera zambiri, za ana zochepa. Mwana nsapato amaivala mpaka kutheratu, kapena imapita kwa mng'ono wake. N'chifukwa chake muyenera kupemphanso ndalama, kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, pa nambala imodzi yokha imene mauthenga ake amaonedwa ndi anthu awiri a komiti. Ndi ndalamazo mukagula manambala osowawo pamsika wa calamidade, uja anzathu a ku Malawi amati kaunjika. Pitani ndi timapazi ta katoni tija m'thumba, musankhe imodziimodzi, mupinde soli ndi manja kuti muone ngati ikusweka. Kugula belo lathunthu losatsekula kumaoneka kotchipa, koma simudziwa zomwe zili mkatimo. Gulu laling'ono lisayerekeze. Siyaniko ndalama ina ya sopo, zingwe, masokosi, wosoka nsapato ndi thiransipoti. Nsapato yotseka yopanda sokosi imadya chidendene, choncho peyala imodzi ya masokosi pa mwana aliyense muiwerengere limodzi.

Abale a ku Dedza, Ntcheu kapena Lilongwe akafuna kutumiza matumba, funsani kaye a Alfândega pa Calómuè, Biri Biri kapena Zóbuè kuti pakufunika mapepala otani. Katundu wambiri salowa ulere chifukwa choti mwanena pakamwa kuti ndi wachifundo. Nthawi zambiri n'kwapafupi kuti abalewo atumize ndalama, inu mugule konkuno.

6. Kusankha, kuchapa ndi kukonza

Sankhani tsiku la dzuwa, yalani mikeka kapena lona pabwalo, khuthulani zonse. Pangani milu inayi: zabwino kale, zofuna kukonza, zabwino koma zosayenera anthu anu, ndi zotaya. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati simungaveke mwana wanu popita kusukulu, musaveke wa mnzanu. Musadabwe mulu wotaya ukakula. Ena amapezerapo mwayi wosesa m'nyumba.

Gwedezani nsapato iliyonse musanapisemo dzanja, poti zokhalitsa m'matumba zimasunga zinkhanira, akangaude ndi mphemvu. Kenako pisani mpaka kumphuno kufufuza msomali wotuluka kapena msoko wokanda.

Zansalu ndi zapulasitiki zichapeni ndi sopo ndi bulashi, mutachotsa zingwe ndi kansalu kopondapo ka mkati. Zapulasitiki ndi majombo mukhoza kuzitsukuluza m'madzi othira javel pang'ono. Zachikopa musazinyike, pukutani ndi kansalu konyowa mkati ndi kunja, ziume pamthunzi podutsa mphepo, kenako polishi. Chofunika n'chakuti ziumiretu, chifukwa matenda oyabwa a pakati pa zala amakonda chinyezi, ndipo nsapato yolongedwa yonyowa imachita nkhungu m'masiku ochepa.

Mulu wachiwiri upite kwa wosoka nsapato wa pamsika. Muitaneni adzaone yekha, ndi amene anganene msanga kuti iyi ichira, iyi ayi. Gwirizanani mtengo wa mulu wonse ndipo mumulipire. Nayenso ali ndi ana. Muuzeni asoke soli ndi ulusi kuzungulira, ngakhale pa zatsopano zotchipa, chifukwa guluu yekha sapirira matope a ku Angónia kapena kutentha kwa ku Moatize. Nsapato yosokedwa isanayambe kuvalidwa imakhalitsa kuposa yodikira kuti iyasame kaye.

Mulu wachitatu, zapaukwati zija ndi zikuluzikulu zopanda mwini, gulitsani poyera pambuyo pa mapemphero kapena pa tsiku la msika, ndalama zake zigule za ana. Koma izi muzinene polengeza pomwe, kuti wina asadzaone nsapato yake pamsika n'kuyamba kunena kuti komiti ikudya.

Tsopano phatikizani. Tengani kaphazi ka katoni kalikonse, kapezereni peyala yake, kasiyeni mkati momwemo dzina likuoneka, mangani ziwirizo pamodzi. Longedzani m'matumba potsata kalasi kapena mudzi ndipo lembani kunja. Tenganinso mapeyala ena apadera a manambala osiyanasiyana, ngati 10 pa anthu 100 alionse, osinthira amene zawathina. Ngati maina ena atsala opanda nsapato, musagawe kaye. Kudikira sabata ina n'kwabwino kusiyana ndi kubweza ana asanu chimanjamanja anzawo akuona.

7. Mayendedwe

Ngati nsapato zasonkhanitsidwa mumzinda wa Tete kupita ku Ulónguè, ndi ulendo wa makilomita oposa 200, kudzera msewu wa N7 mpaka Mussacama n'kukhotera N304. Pa chapa matumba amalipiridwa padera, ndiye kambiranani mtengo musanakweze, ndipo mmodzi wa komiti akwere nawo atanyamula kalata yodindidwa ya ku localidade kapena ya mpingo yonena za katunduyo. Kuchokera pamsewu kulowa m'midzi, ngolo, njinga kapena njinga yamoto zikwanira. Matumba akagone kwa munthu amene komiti yonse yavomereza, atawerengedwa pamaso pa anthu awiri.

8. Tsiku logawa

Chitani m'kalasi kapena m'tchalitchi, osati pabwalo poyera. Itanani anthu khumikhumi. Pakhomo pakhale mlembi ndi kope, mkati mabenchi, mabeseni awiri a madzi, sopo ndi nsalu zopukutira. Aliyense asambe mapazi, apukute bwino pakati pa zala, avale sokosi, kenako nsapato zonse ziwiri. Aimirire, inu musindikize chala kumphuno kwa nsapato kuti mumve pomwe chala chake chalekezera, ndipo ayende kufika kukhoma n'kubwerera.

Musafunse mwana kuti "zakukwana?" Adzavomera ngakhale zikumuluma, poopa kuti mumulanda. Muuzeni kaye kuti, "Iwe, nsapato utenga ndithu, palibe akulande. Tandiuza, ikukupweteka pati?" Ndipo yang'anani mayendedwe ake: wopinda zala kapena wokoka phazi, msinthireni. Kwa akuluakulu gwadani pansi muwaveke nokha: "Agogo, tapondani pansi tione. Sikukufinyani m'mbalimu?" Okalamba osatha kuwerama apatseni zomata kapena zongolowetsa, osati zazingwe. Amene sangathe kufika, apititsireni kunyumba tsiku lomwelo.

Ana ang'onoang'ono aphunzitseni kumanga zingwe pomwepo, ndipo lembani dzina mkati mwa nsapato ndi cholembera chosafufutika. Izi zimachepetsa kusinthanitsa kusukulu, ndiponso zimagwetsa ulesi wachibale amene angaganize zokagulitsa.

Zolankhula zichepe. A mfumu atsekulire, wapampando anene mawu awiri, ntchito iyambe. Ana asaimbitsidwe nyimbo zothokoza ali pamzere padzuwa. Za zithunzi, ndikudziwa kuti opereka amafuna umboni, koma jambulani milu ya nsapato, manja akumanga zingwe, mapazi ovala kale. Nkhope ya mwana isapite pa Facebook popanda chilolezo cha kholo lake, ndipo mawu oti "wamasiye" kapena "wosauka" asalembedwe pansi pa chithunzi cha munthu wodziwika m'mudzi.

Adzabwera ndithu ena osalembedwa. Musatsekule thumba la zapadera chifukwa cha phokoso. Alembeni maina, ajambuleni mapazi, auzeni mosabisa kuti lero palibe ndipo simukulonjeza tsiku. Wolandira aliyense asaine kapena adinde chala.

9. Pambuyo pake

Pasanathe sabata, werengani lipoti pamalo onse amene munapemphapo: mapeyala olandiridwa, otayidwa, ogulitsidwa ndi ndalama zake, ogulidwa, ogawidwa, ndi meticais zotsala. Pepala lina lipite kwa a mfumu, lina kwa director, lina likhomedwe pakhomo la tchalitchi.

Pakatha mwezi, awiri a komiti apite kusukuluko m'mawa osanena, akaone ana angati avala. Mupeza ena akuzisungira Lamlungu, ena makolo awabisira kuti zidikire Khirisimasi, pomwe phazi likhala litakula kale. Kambiranani ndi makolowo mofatsa. Zomwe zayamba kumatuka zitoleni zipite kwa wosoka uja ndi ndalama zotsala zija, zibwerere kwa eni ake sabata yomweyo. Kope la maina ndi manambala lisungidwe ndi mlembi, koma chaka chamawa ana onse ayezedwenso. Okhawo amene nambala yawo mungaikhulupirire ndi akuluakulu.